MKOMBERO UMODZI UKWANIRA

Ulendo uno tikambirane za masewera a basiketibolo, makamaka za munthu amene angadzipereke kuphunzitsa ana masewerawa kumudzi wa kunyanja monga Senga Bay, m'dera la Mfumu Maganga ku Salima.

Aliyense wodziwa Senga Bay akudziwa kuti mwana wa kumeneko amakokedwa mbali zambiri. Usiku nyali za asodzi a usipa zimaoneka panyanja ngati mzinda, m'mawa chilimira chikafika padoko mnyamata atha kupeza kandalama pongothandiza kunyamula nsomba kapena kuyanika pathandala, ndipo masana pali alendo a m'mahotela oti awatsatire. Ndalama ya lero imakoma kuposa sukulu yomwe phindu lake lili kutali, choncho ana ena amayamba kujomba pang'onopang'ono mpaka kulekeratu. Kuwakalipira kokha sikuthandiza. Mwana amafuna chinthu china chomukoka, ndipo mpira ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe zingalimbane ndi doko.

Masewerawa anayambanso pa vuto longa lomweli. M'chaka cha 1891 mphunzitsi wina, James Naismith, wa ku Springfield m'dziko la America, anali ndi anyamata osowa chochita nyengo yozizira. Iye anakhoma madengu awiri a zipatso m'mwamba, nalemba malamulo 13, masewera n'kubadwa. Madenguwo anali pamtunda wa mamita 3.05, ndipo muyeso umenewu sunasinthe mpaka lero. Ntchemberembaye yomwe atsikana athu amaikonda inachokera ku masewera omwewa.

Ena adzati bwalo la simenti ndi lodula. N'zoona, bwalo lathunthu ndi la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi. Koma pali mtundu wina wa atatuatatu wosewerera pa theka la bwalo ndi mkombero umodzi, ndipo mtundu umenewu unalowa m'masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021. Owotcherera zitsulo atha kupinda mkombero, kalipentala n'kukonza thabwa lake, mlongoti n'kuuzika. Pamchenga mpira sunjanja, ndiye pafunika malo olimba pafupi ndi sukulu kapena madrasa, othiridwa dothi la pachulu ndi kutsenderedwa bwino. Oika mlongoti akumbukirenso mwera umene umakuntha kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa mkombero woikidwa pambalambanda udzakhumudwitsa ana, mpira ukamapatuka m'malere.

Chovuta kupeza ndi mphunzitsi woleza mtima. Mphunzitsi wofuna chikho msanga amatenga mwana wamtali kuposa onse, n'kumuimika pansi pa mkombero kuti azingolandira ndi kugoletsa. Timu imapambanadi, anthu n'kuombera m'manja, koma pakapita zaka zitatu anzake amupeza msinkhu, iye osadziwa kunjanjitsa mpira kapena kupatsira, ndipo masewera ake athera pomwepo. M'mera mpoyamba. Mwana aliyense, wamtali ndi wamfupi yemwe, aphunzire kunjanjitsa mpira ndi manja onse awiri osauyang'ana, kupatsira mnzake, kuima ndi kutembenuka pa phazi limodzi, ndi kutchinga mdani ndi miyendo osamukankha. Ana osakwana zaka 12 apatsidwe mpira wochepa wa saizi 5 ndipo mkombero wawo utsitsidwe kufika pa mamita 2.60, chifukwa mwana woponya mpira wolemera pamkombero wa akulu amazolowera kuukankha ndi thupi lonse, chizolowezi chomwe chimavuta kuchotsa akakula.

Mpira ukakhala umodzi ana makumi awiri, mphunzitsi asawaimike pamzere wautali kudikira mwayi woponya kamodzi. Awagawe atatuatatu, timu yogoletsedwa izituluka ina n'kulowa, odikirawo akuyeserera mapazi pambali. Mwana amaphunzira pogwira mpira kawirikawiri, ndipo wongoimirira padzuwa mawa sabweranso.

Amene akuganiza kuti mwana wozolowera mpira wamiyendo wachedwa amve za Hakeem Olajuwon. Iye anabadwira ku Lagos ku Nigeria mu 1963, anali goloboyi, ndipo basiketibolo anaiyamba ali ndi zaka pafupifupi 15. Kupepuka kwa mapazi komwe anatenga ku mpira wamiyendo ndiko kunamutchukitsa ku America, kumene anatsogolera timu ya Houston Rockets kutenga chikho cha NBA mu 1994 ndi 1995. Ankasewera akusala m'mwezi wa Ramadhan, ndipo mu Febuluwale 1995, mwezi wosala uli mkati, anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mwezi umenewo. Komabe iye anali munthu wamkulu wokhala ndi madokotala omuyang'anira. Ana athu akamasala, makamaka Ramadhan ikagwa nyengo yotentha ya kunyanja, mphunzitsi achepetse kuthamanga, aphunzitse zopepuka monga kuponya dzuwa litapendeka, ndi kuwamasula msanga kuti akafuturu kunyumba. Masiku ena onse pabwalo pasasowe madzi akumwa abwino, ndipo nthawi ya masewera isadye nthawi ya madrasa kapena ya swala. Mphunzitsi wanzeru amayamba wakhala pansi ndi mashehe, a mfumu ndi aphunzitsi a sukulu kuti agwirizane za maola, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nanga atsikana? Makolo ambiri amakayika chifukwa cha kavalidwe, ndipo kale malamulo enieniwo ankawatsekereza. Mu 2014 timu ya amayi ya dziko la Qatar inachoka pa mpikisano wa Asian Games ku Incheon italetsedwa kusewera itavala hijabu. Bungwe la FIBA, loyendetsa masewerawa padziko lonse, linasintha lamulolo mu 2017, ndipo tsopano mtsikana atha kusewera atafunda kumutu. Chotsala n'chakuti ife tikonze zathu: atsikana akhale ndi tsiku lawo, pakhale mayi wodalirika nthawi zonse pabwalo ndi paulendo, ndipo mphunzitsi asatsale yekha ndi mwana wa mwini pa chifukwa chilichonse. Mtsikana amene ali ndi timu yomuyembekezera ndi mayeso omudikira sathamangira banja, ndiponso kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Pali zinthu ziwiri zomwe mphunzitsi asagonjerepo ngakhale timu igonje. Choyamba ndi sukulu: wojomba m'mawa asagwire mpira madzulo, angakhale ndiye katswiri wa timu, ndipo pakutha pa teremu aliyense aonetse lipoti lake. Chachiwiri ndi zaka. Kulowetsa mnyamata wa ndevu m'timu ya ana ndi bodza, ndipo ana amaona. Akaona wamkulu amene amamukhulupirira akunama kuti apate chikho, adzatenga phunziro limenelo kupita nalo kumsika, kuntchito ndi kubanja.

Tisawanamizenso ana kuti onse adzafika ku America. Njira ilipo ndithu: bungwe la Basketball Association of Malawi limayendetsa mipikisano m'dziko muno, ku Lilongwe kuli matimu monga Bravehearts amene apikisanapo kunja kwa dziko, ndipo mu 2021 Africa inayamba ligi yakeyake ya Basketball Africa League ku Kigali. Koma ofika kumeneko ndi owerengeka. Ambiri adzakhala aphunzitsi, anamwino, asilikali, amalonda ndi asodzi, ndipo chomwe adzatenge pabwalo ndi kusunga nthawi, kumvera woimbira mpira ngakhale walakwitsa, ndi kupereka moni kwa amene wawagonjetsa.

Makolo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wodziwa kuwotcherera apereke mkombero, wa ngolo atute dothi, ogulitsa nsomba asonkhe za mpira, ndipo tsiku la masewera tipite tikaonerere ana athu. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.