Asatinamize ndi mawu oti "wodzilemba yekha ntchito"

Anzanga akunyanja, mawu amenewa akutiphimba nawo m'maso. Kuno ku Ndirande anyamata ambiri a kabaza njinga si zawo. Madzulo aliwonse akapereke ndalama kwa bwana, mafuta agule okha, tsiku likavuta ngongole ndi yawo. Ndiye mukuti wadzilemba yekha? Ameneyo ndi waganyu basi, wopanda penshoni, wopanda tchuthi. Ife tikudziwa: bambo anga amakoka chilimira usiku wonse, koma boti ndi injini n'za eni ake. Mayi wogulitsa usipa ku Bangwe ndi mpamba wakewake, ameneyo inde, geni ndi yake. Mu 2020 anatilonjeza ntchito 1 miliyoni. Asatiwerengere ganyu pamenepo ayi. Tumizirani ena.