Ndevu zamera, koma mbale ikali ya amai

M'nyanja ya Pacific, kufupi ndi Seattle ndi Vancouver, muli anamgumi ochedwa orca. Namgumi wamwamuna sacoka pa mbumba ya amake. Amapita kukabereka ku gulu lina, n'kubwerera. Ngakhale afike zaka 30, amake amagwirabe nsomba, kuidula pakati n'kumugawira. Amake akafa, ngozi yoti nayenso afe caka cotsatira imakwera kwambiri.

Ife a ku Kaumbwe izi sizitidabwitsa. Kwa Ansenga mtundu umatsata amai, ndipo mwamuna, kaya akhale ku Lusaka zaka zingati, kwao ndi kumene kuli amake. Nchito ikatha ku Kanyama kapena ku Chawama, ndani amakweza thumba la ufa ndi nshawa pa basi ku Petauke? Ndi amai. Palibe camanyazi pamenepa.

Koma cikondi ici cili ndi mtengo wake. Kafukufuku wa 2023 anapeza kuti namgumi amene ali ndi mwana wamwamuna, mwai wake wolera mwana wina umatsika ndi theka, ngakhale mwanayo atakula kale. Ana aakazi akakula salemetsa amao cotero.

Apa ndipo tiyenera kusiyana naye orca. Iye sangabweze kanthu, ife tingathe. Amai athu akukalambira m'munda, ndipo thumba lija likutuluka m'nkhokwe imene alongo athu amadyamonso. Mvula isanagwe mu Novembala, anyamata, titumize ya feteleza asanatipemphe.