ZA MALONDA: Sandutsani Foni Yanu Kukhala Ofesi

Mlungu uno tikamba ndi inu amene muyendetsa malonda muli nokha: inu a kantemba pa mphambano, atelala a pakhonde la sitolo, akalipentala, amai ophika vitumbuwa, ndiponso inu amene mugula nshawa ndi nyemba m'midzi kukagulitsa ku Chipata, Katete kapena Petauke. Munthu wotere alibe kalaliki, alibe msungicuma. Iye yekha ndiye bwana, ndiye wogulitsa, ndiyenso wolondola nkhongole. Zonse azisunga m'mutu, koma mutu umatopa ndipo umaiwala.

Malonda a munthu mmodzi angathe kugwa ngakhale ogula abwera tsiku ndi tsiku. Amagwa pamene mwini wake sadziwa kuti ndalama zimene zalowa ndi zingati, zimene zatuluka ndi zingati, ndiponso kuti amene anatenga katundu pa nkhongole ndani. Mwezi ukatha apeza mashelefu alibe kanthu ndipo m'thumba mulibe ndalama yoodera katundu wina. Pamenepo ena ayamba kuganizira anansi ao kuti awalodza, pamene colakwa ceni-ceni ndi kusalemba.

Ofesi ndi malo amene munthu apezamo cinthu pa nthawi imene acifuna. Foni imene muli nayo m'thumba ingathe kugwira nchito imeneyi popanda kulipira lendi. Koma ticenjeze poyamba: musadzaze foni ndi mapulogalamu ambiri-mbiri kaamba kakuti mnzanu wakuuzani kuti ndi abwino. Akulu anati ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Mapulogalamu ambiri amadya malo m'foni, amatha mabandulo, ndipo mapeto ake simudziwa kumene munalemba cinthu. Zofunika ndi zisanu cabe, ndipo zina mwa izo zitheka ngakhale pa kafoni ka mabatani.

Coyamba, lekanitsani ndalama za malonda ndi za panyumba

Mafoni ambiri a masiku ano amalowa masimu awiri. Simu imodzi ikhale ya banja, inayo ikhale ya malonda okha-okha. Pa nambala ya malonda tsegulani akaunti yosungira ndalama pa foni, kaya ndi ya MTN, Airtel kapena Zamtel, malinga ndi netiweki imene igwira bwino m'mudzi mwanu. Simu imeneyo ilembetsedwe ndi citupa canu ca NRC, osati ca mwana wanu kapena ca mlamu wanu. Tsiku limene idzataike, kampani idzabwezera nambala kwa mwini citupa, ndipo ngati mwini citupayo ali ku Lusaka kapena mwayambana naye, ndalama zanu zidzakhala m'manja mwa wina.

Wogula akalipira pa foni, alipire pa nambala ya malonda. Mukafuna ndalama ya ndiwo kapena ya cigayo, dzilipireni malipiro ngati wanchito, kamodzi pa mlungu, ndipo mulembe. Uthenga umene umabwera ndalama zikalowa kapena kutuluka musaufafanize, pakuti ndiwo lisiti lanu.

Caciwiri, buku la ndalama

Amene ali ndi foni yaikulu angagwiritse nchito pulogalamu ya Google Sheets. Ndi yaulere, ndipo imaoneka ngati tsamba la buku la masamu lokhala ndi mizere. Mungathe kuiika kuti izigwira nchito ngakhale kulibe intaneti. Zimene mwalemba zidzasungika bwino mukafika pamene pali netiweki. Pangani magawo asanu: tsiku, cinthu, ndalama zolowa, ndalama zotuluka, ndi zotsala. Mwana wa sukulu ya sekondale angakuthandizeni kuikonza kuti iziwonkhetsa yokha. Amene ali ndi kafoni ka mabatani alembe magawo omwewa m'buku la cikuto colimba, nagwiritse nchito coonkhetsera ca m'foni.

Kuti muone phindu la kulemba, tiyerekeze motere. Mwaoda mapaketi 20 a shuga pa K600, ndipo mugulitsa paketi imodzi pa K35. M'mutu muganiza kuti mupeza K700, phindu K100. Koma paulendo wokaoda munalipira K40. Phindu latsika kufika pa K60. Kenaka mapaketi awiri anapita kunyumba kukathira m'phala la ana, osalipiridwa. Tsono mwagulitsa mapaketi 18 okha, ndiyo K630, pamene munaononga K640. Mwagwira nchito mlungu wonse ndipo mwataya K10 ya mpamba. Munthu wosalemba saona zimenezi. Iye aona cabe kuti shuga wayenda msanga. Lembaninso ndalama imene amadula potapa kwa ajenti, ya tokotaimu, ya mabandulo ndi ya msonkho wa pamsika, cifukwa zonsezi zicokera m'phindu lanu.

Cacitatu, nkhongole ndi kalendala

Kumudzi nkobvuta kukaniza munthu nkhongole, pakuti wogula ndi msuweni, ndi mpongozi, ndi mnzanu wa kuchalichi. Cofunika ndi kulemba iye ali pomwepo: dzina, cimene watenga, mtengo wake, ndi tsiku limene walonjeza kulipira. Mukatha kulemba mtumizireni uthenga waufupi wonena zomwezo, kuti nonse awiri mukhale ndi umboni wofanana. Mikangano yambiri imene imafika kwa anyakwawa imayamba ndi mau akuti, "Ine ndinatenga imodzi, osati ziwiri."

Foni iriyonse iri ndi kalendala imene imalira kukumbutsa mwini wake. Ikanimo tsiku lolondola nkhongole iriyonse, tsiku lokaoda katundu, tsiku lopereka ku cilimba, ndi tsiku limene munalonjeza kutsiriza diresi kapena citseko ca munthu. Telala amene apereka yunifomu sukulu zitatsegulira kale sadzaonanso kholo limenelo caka camawa. Tsiku lolipira likakwana, tumizani uthenga waulemu m'mawa. Musacite manyazi ndi ndalama yanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Cacinai, malo okumanirana ndi ogula

M'caka ca 2018 eni ake a WhatsApp anatulutsa pulogalamu ina yochedwa WhatsApp Business, yokonzedwera amalonda ang'ono-ang'ono. Nayonso ndi yaulere. Iikeni pa nambala ya malonda, kuti mauthenga a ogula asasokonezeke ndi a maliro, a ukwati ndi a gulu la kuchalichi. Mmenemo mungalembe dzina la malonda anu, malo amene mupezeka ndi nthawi imene mutsegula. Mungaikemonso zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake, kotero kuti kalipentala wa ku Sinda aonetsa mipando yake kwa mphunzitsi wa ku Nyimba popanda kuikweza pa galimoto. Muli ndi zizindikiro zimene mungaike pa dzina la munthu, monga "walipira" kapena "sanalipire". Posunga nambala ya wogula, lembani dzina pamodzi ndi mudzi wake kuti musasokoneze a Phiri atatu.

Cacisanu, kuchinjiriza ofesi yanu

Foni imagwera m'madzi, imabedwa pamsika, imafa yokha. Ngati zonse ziri m'foni mokha, tsiku limenelo malonda anu afera pamodzi nayo, ndipo madzi akataika saoleka. Cifukwa cace tsegulani akaunti ya Google, imene ipatsa munthu malo aulere okwana 15 GB osungiramo zinthu pa intaneti. Manambala a ogula muwasunge mu akauntiyo, osati pa simu. Muikenso WhatsApp kuti izisunga mauthenga anu kumeneko kamodzi pa mlungu. Malisiti a ku holoselo muwajambule tsiku lomwelo, pakuti inki yake sicedwa kufufutika. Mukagula foni ina ndi kulowetsa dzina la akaunti ndi mau ake acinsinsi, zonse zidzabwerera. Mau acinsinsiwo muwalembe papepala ndi kuwasunga pamene musunga citupa canu.

Nambala yacinsinsi ya ndalama ndi yanu nokha. Musasankhe caka cimene munabadwa kapena 1234. Akuba a masiku ano sathyola citseko. Amaimba foni nanena kuti ndi anchito a kampani, kapena kuti atumiza ndalama kwa inu molakwitsa ndipo muwabwezere. Wanchito weni-weni wa kampani safunsa nambala yacinsinsi. Musanabweze ndalama iriyonse, ndiponso musanapereke katundu kwa munthu amene akuonetsani uthenga pa foni yake, yambani mwaona nokha ndalama zotsala mu akaunti yanu. Foni ya malonda ikhale yokhoma, ndipo isakhale coseweretsa ca ana.

Kumbukiraninso za moto wa foni. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri ngakhale m'matauni. Kasola kakang'ono kochajira foni ndi katundu wa malonda monga sikelo. Buku la cikuto colimba musalitaye. Pa mapeto a mlungu uliwonse lembanimo ziwerengero zikulu-zikulu ndi maina a ankhongole.

Zolemba zimenezi zidzakuthandizaninso kunja kwa kantemba. Mukadzafuna kulembetsa dzina la malonda ku PACRA, kutenga nambala ya TPIN ku ZRA, kapena kupempha nkhongole ku banki, ku kopaletivu ngakhale ku thumba la CDF la dera lanu, mudzafunika kufotokoza bwino za malonda anu. Munthu amene aonetsa zolemba za miyezi 6 amamveka msanga kuposa amene angoti, "Malonda ayenda bwino."

Koma dziwani kuti foni siilemba yokha. Ofesi imeneyi idzagwira nchito pokha-pokha mukaipatsa mphindi 10 madzulo alionse mutatseka: werengani ndalama za m'manja, onani za m'foni, lembani zolowa ndi zotuluka, ndipo yang'anani kalendala ya mawa. Musayambe zonse zisanu tsiku limodzi. Mlungu uno lekanitsani ndalama ndi kuyamba buku. Mlungu wamawa onjezani nkhongole ndi kalendala. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Mlungu wamawa tidzakamba za kaikidwe ka mitengo, kuti musamagulitse katundu motaya mpamba. Tsalani bwino, ndipo madzulo ano yambani kulemba.