UMPHAWI WA KU MIGODI SI TEMBERERO



Pali chiphunzitso chimene chafala m'mapemphero a usiku wonse kuno ku Kitwe ndi ku Ndola, ndipo ine ndikuchikana poyera. Mnyamata wa ku Wusakile kapena ku Chifubu amene watha zaka zisanu osapeza ntchito akuuzidwa kuti ali ndi mzimu wa umphawi, kuti makolo ake anapangana ndi mdima, ndi kuti akapereka kandalama ka mbewu temberero lidzachoka. Kodi ndi temberero lanji limene linagwera mabanja zikwizikwi nthawi imodzi, Abemba, Achewa ndi Alozi, Akatolika, a UCZ ndi a Reformed onse pamodzi? Ndi mfiti iti imene inali ndi mphamvu yotsitsa mtengo wa mkuwa pa msika wa ku London?

Funsani agogo anu akuuzeni m'mene zinalili. Mu 1969 Zambia inakumba mkuwa woposa matani 700,000, ndipo pa ndalama 100 zilizonse zochokera ku malonda akunja, zoposa 90 zinali za mkuwa. Kwacha itayamba mu 1968, imodzi inkagula dola ya ku America ndi masenti 40. Munthu wa pamgodi ankagona m'nyumba ya kampani, madzi ndi magetsi zilipo, mwana akadwala chipatala cha mgodi chili pafupi. Anthu ankaona ngati dzuwa silidzalowa. Koma denga lonse la dziko linali pa mzati umodzi.

Mzatiwo unayamba kugwedezeka mu 1973. Mu Januwale Ian Smith anatseka malire a Rhodesia, ndipo mkuwa wathu unayamba kuyenda njira zazitali ndi zodula. Chaka chomwecho mtengo wa mafuta unakwera pafupifupi kanayi pa dziko lonse. Mafakitale a ku Ulaya, America ndi Japan anachepetsa ntchito, nachepetsanso kugula mkuwa, kotero kuti pofika 1975 mtengo wake unali utagwa ndi theka. Zogula kunja zinakwera, chogulitsa chathu chimodzicho chinatsika. Apa palibe cha ufiti. Ngakhale mayi wogulitsa tomato pa Chisokone akhoza kukufotokozerani chimene chimachitika katundu wako akatsika mtengo pamene lendi yakwera.

Ena amathera pamenepa, nanena kuti onse olakwa ndi akunja. Nawonso ndikuwakana. Atsogoleri athu anaganiza kuti mtengo udzakweranso chaka chamawa, ndipo anakongola ndalama kuti moyo upitirire monga kale. Chaka chamawacho chinachedwa zaka pafupifupi makumi atatu. Chiwongoladzanja chitakwera ku America kuyambira 1979, ngongole inakula ngati chotupa, ndipo pofika 1990 inali pafupifupi madola 7 biliyoni.

Ndisaname: ndalama za mkuwa zinamanga sukulu, zipatala ndi Yunivesite ya Zambia, ndipo ambiri mwa makolo athu anaphunzira nazo. Koma mlimi wa ku Petauke ankalandira mtengo wochepa pa chimanga chake kuti unga ukhale wotchipa m'tauni, ndiye anasiya khasu nabwera kudzafuna ntchito ku Nkana. Boma linatenga magawo 51 pa 100 a migodi kutsatira chilengezo cha ku Matero mu 1969, ndipo mu 1982 linapanga ZCCM. Kampaniyo inasanduka thumba lotapamo aliyense, pamene makina ake ankakalamba ndipo miyala ya mkuwa inkapezeka pansi kwambiri. Ng'ombe inkakamidwa m'mawa ndi madzulo koma osaidyetsa.

Chowawa n'chakuti chenjezo linalipo kale. Msika wa ku New York utagwa mu Okutobala 1929, mtengo wa mkuwa unatsatira. Mgodi wa Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola pompano, unatsekedwa mu 1931, ndipo anthu zikwi zambiri anabwezedwa kumidzi chimanjamanja. Amene anaona zimenezo anali akali moyo pamene tinkalandira ufulu mu 1964.

Zotsatira zake mwazimva kunyumba. Mu Okutobala 1985, motsatira malangizo a IMF, boma linayamba kugulitsa dola pa okushoni, ndipo dola imene inali K2 inafika pa K21 mu 1987. Mu Disembala 1986 mtengo wa unga wa bulekifasi unakwezedwa kuposa kawiri. Anthu a ku Kitwe ndi ku Ndola analowa m'misewu, masitolo anaphwanyidwa, ndipo anthu 15 anafa chifukwa cha thumba la unga. Pa 1 Meyi 1987 Dr Kaunda anasiyana ndi IMF, koma mkuwa sunamve. Boma la MMD litalowa mu 1991 linatsegula malire kwa katundu wakunja, ndipo mafakitale a ku Ndola anayamba kutseka limodzilimodzi. Pamene migodi inkamalizidwa kugulitsidwa mu 2000, mkuwa unali utatsika kufika matani pafupifupi 250,000, ndipo ogwira ntchito, amene anaposa 60,000 m'zaka za m'ma 1970, anatsala pafupifupi 22,000. Bambo amene anafa akudikira ndalama zake zopumira sanalodzedwe ndi mlongo wake wa kumudzi.

N'chifukwa chake chiphunzitso cha temberero chimandikwiyitsa. Chimatenga mlandu wa amene anasaina ngongole n'kuuika pa mutu wa mwana wamasiye, kenaka chimamulanda ndi kandalama kake ka basi. Farao atalota za njala, Yosefe sanaitanitse msonkhano wotulutsa ziwanda m'nkhokwe. Anati gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola lisungidwe pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu. Werengani Genesis 41 pa msonkhano wanu wa Loweruka. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma Mulungu amene anatipatsa maondo anatipatsanso mutu.

Mipingo yathu inadziwa zimenezi pamene inasonkhanitsa masiginecha a Jubilee 2000, ndipo ngongole yambiri inakhululukidwa mu 2005. Patangopita zaka 15, mu Novembala 2020, Zambia inalepheranso kulipira ngongole yatsopano. Mu 2024 mkuwa unapyola madola 10,000 pa tani, ndipo malole odzaza akudutsa pa msewu wa Ndola usana ndi usiku. Phungu wanu akadzabwera kutchalitchi kudzapereka malata a denga, muthokozeni mwaulemu, kenaka mmodzi wa inu aimirire amufunse kuti pa lole iliyonse yodutsayo, ndi ndalama zingati zimene zikutsala m'nkhokwe ya dziko.