Chimene Chilumba cha Mbenji Chingaphunzitse Alimi a ku Mitundu

Munthu wogula ndiwo pamsika wa Mitundu kapena wa Nathenje amadziwa za nyengo ya kunyanja ngakhale asadaionepo nyanjayo. Mulu wa usipa ukakula, ndiye kuti madzi ali bata ndipo mwezi uli kumdima, pakuti usipa umakokedwa usiku ndi kuwala kwa nyali n'kugwera m'chilimila. Muluwo ukachepa mtengo n'kukwera, kawirikawiri ndiye kuti mwera wa m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti wautsa mafunde, mabwato ali pamchenga, asodzi akusoka maukonde. Moyo wa padoko umayenda motero. Tsiku lina mathandala amadzaza mpaka amayi kusowa poyanika, ana n'kumadya nsomba zootcha ngati mbatata. Tsiku lina mvula imawoletsa nsomba zisadaume, ndipo banja la msodzi limagona ndi nsima ya masamba.

Anthu a m'mbali mwa nyanja adazindikira kalekale kuti zochuluka zili ndi nyengo yake. Koma pali ena mwa iwo amene adapitirira pa kuzindikira chabe, nakhazikitsa lamulo. Anthuwa ndi a m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, m'boma la Salima, kumene kuli chilumba cha Mbenji.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, usodzi pa Mbenji umatsekedwa chaka chilichonse. Mwezi wa Disembala ukafika asodzi onse amapasula misasa yawo, nabwerera kumtunda, ndipo palibe woponya ukonde m'madzi ozungulira chilumbacho kufikira mfumu itatsegulanso mu Epulo. Kutseka ndi kutsegula komwe kumachitika ndi mwambo, pamaso pa anthu, kotero kuti palibe anganene kuti sadamve. Miyezi imeneyi ndi ya mvula ndi ziphaliwali, pamene kukhala pachilumba n'koopsa. Ndiyonso miyezi imene munthu ayenera kukhala ali kumunda kwake, nsomba zili kuswana mosasokonezedwa. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Chifukwa cha mwambo umenewu, utaka wa ku Mbenji ndi wotchuka, ndipo asodzi ochokera m'maboma ena amakhamukira kumeneko nyengo ikatsegulidwa.

Kuti munthu aone kulemera kwa zimenezi, ayerekeze ndi nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi. Kumeneko chambo chidali chambiri, anthu nachikokolola ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chidasowa. Boma lidayamba kukhazikitsa makomiti a m'madoko mu 1993, ndipo lamulo la usodzi la 1997 lidapatsa anthu a m'midzi gawo pa kusamala nsomba. Izi zidali zabwino, koma zidadza madzi atatayika kale. A ku Mbenji adadziletsa nsomba zikadalipo.

Tsono wina angafunse kuti nkhani ya chilumba ikuwakhudza bwanji alimi a kumtunda, amene khasu ndiye ukonde wawo. Yankho lake n'lakuti Mitundu ndi Nathenje nawo ali ndi nyengo yawo ya mathandala odzaza. Mu Meyi ndi Juni ngolo zimalemedwa ndi chimanga, mtedza ndi soya. Nthawi ya dzinja maungu, nkhwani, chitambe ndi bowa zimachita kutayika. Mango amawolera pansi pa mitengo mu Disembala, ndipo matimati a m'madimba akapsa onse pamodzi, mlimi amawagulitsa pa mtengo wongotaya. Dera limeneli ndi limodzi mwa madera odyetsa mzinda wa Lilongwe. Komabe m'midzi yomweyi, Januwale ndi Febuluwale akafika, mumapezeka mabanja osiya minda yawo ili ndi udzu kukagwira ganyu m'minda ya anzawo, kuti apeze ndowa ya chimanga chomwe chija adagulitsa motchipa kwa mavenda nthawi yokolola. Munda wosapaliridwawo umabereka zochepa, ndipo njala ya chaka chino imabala njala ya chaka chamawa.

Akuluakulu amene adaona njala ya 2002 angachitire umboni kuti chakudza sichiimba ng'oma. Chimene chikusoweka kumtunda si nzeru zaulimi ayi, pakuti sukulu yaukachenjede ya Bunda ili pakhomo pomwepa, ndipo alangizi amafika m'midzi. Chosoweka ndi pangano la mudzi wonse lakuti m'nyengo ya zochuluka pakhale malire.

Zoona, pali kusiyana. Nsomba za m'nyanja ndi za aliyense, pamene chimanga cha m'nkhokwe chili ndi mwini wake, ndipo nyakwawa ilibe mphamvu yoletsa munthu kugulitsa thukuta lake. Zoonanso kuti mlimi sagulitsa chifukwa cha kupusa. Amafuna fizi ya mwana, ndalama ya kuchipatala ndi yobweza ngongole ya feteleza. Koma nayenso msodzi wa ku Mbenji ali ndi ana apasukulu, ndipo miyezi inayi yosapha nsomba pachilumbacho imamupweteka m'thumba. Amapirira chifukwa akudziwa kuti mnzake nayenso akupirira, ndi kuti wakuba adzaweruzidwa poyera. Munthu payekha amagonja msanga pamaso pa venda wobwera ndi sikelo ndi ndalama m'manja, koma anthu ogwirizana amatha kudikira. Mutu umodzi susenza denga.

Pangano lotere silisowa ndalama za boma. Mudzi ungagwirizane pabwalo kuti chimanga chisagulitsidwe chikadali m'munda. Ungagwirizane kuti banja lililonse liyambe lapatula chakudya cha chaka chonse, ndi kuti pofuna ndalama liyambe lagulitsa fodya, soya kapena mtedza. Alimi a m'kalabu imodzi angasunge zotsala zawo pamodzi, zothiridwa mankhwala a nankafumbwe kapena zotsekeredwa m'matumba osalowa mpweya, n'kudzagulitsa mtengo utakwera. Amayi adali nalo kale luso limeneli pamene ankafutsa nkhwani ndi chitambe, namanga mfutso m'zikwatu za masamba a msuku kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Luso lotere siliyenera kunyozedwa ngati la anthu osaphunzira.

Apa ndi pamene aphunzitsi ali ndi ntchito. Mwana wa Sitandade 6 angathe kuwerengera kuti banja lodya thumba limodzi la makilogalamu 50 pamwezi lifunika matumba 12 kuti lifike pa kukolola kwina, ndipo kuti thumba la 13 ndilo loyamba kuganiziridwa za msika. Samu yotere, yopatsidwa m'mwezi wa Meyi kuti mwana akaichite ndi makolo ake pafupi ndi nkhokwe, ingapulumutse banja kuposa masamu ambiri a m'buku.

Achinyamata amene atsiriza sukulu, ndipo akudikira ntchito ya mu ofesi imene ikuchedwa kubwera, aganizirenso bwino. Amene amadziwa kulemba ndi kuwerengera ndiye angasunge kaundula wa kalabu, kuona kuti sikelo ya venda ikunena zoona, ndi kufufuza mitengo ya ku Lilongwe anthu asadagulitse. Enanso angaphunzire kuumitsa matimati, mango ndi masamba mwaukhondo, n'kumagulitsa pamene zinthuzi zasowa.

Mafumu a ku Mitundu ndi Nathenje achite monga adachitira a kwa Makanjira, aitane anthu awo pabwalo chimanga chisadalowe m'nkhokwe, kuti malirewo aikidwe pamene chakudya chikadalipo.