Nyumba Yaikulu ya ku Shiwa ndi Nyumba Yaing'ono ya ku Bwacha

Mlendo wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akafika ku Kabwe, eni mudzi amamuonetsa mkuyu waukulu umene uli pakati pa tauni, namufotokozeranso za mgodi wa mtovu umene unatsekedwa mu 1994. Ndi ocepa amene amakumbukira kupita naye ku komboni ya Bwacha, ku nyumba nambala E1376 pa mseu wa Musuku. Komatu nyumba imeneyi ili pa mndandanda wa malo a mbiri otetezedwa ndi Boma, cifukwa mmenemo ndi mmene Dr Kenneth Kaunda anasankhidwira kukhala mtsogoleri wa cipani ca Zambia African National Congress mu 1958. Sabata ino, owerenga athu, tifuna kukambirana za nyumba imeneyi poiyerekeza ndi nyumba ina yakale imene inatsala pang'ono kusanduka bwinja koma inadzutsidwanso.

Tiyambe ndi cimene cinacitika m'caka cimeneco. Boma la atsamunda, pansi pa Bwanamkubwa Sir Arthur Benson, linakonza malamulo atsopano a masankho amene analola anthu akuda ocepa okha kuponya voti. A Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, anabvomera kutengako mbali, koma anyamata a m'cipanimo anakana kwamtuwagalu. Mu October 1958 anapatuka, ndipo cipani catsopano cinabadwira ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe. Pakati pa oyambitsa panali a Kaunda, a Simon Kapwepwe, a Munukayumbwa Sipalo ndi a Reuben Kamanga a ku Chipata, amene pambuyo pake anadzakhala waciwiri woyamba kwa mtsogoleri wa dziko. Cipanico cinakhala miyezi isanu yokha. Mu March 1959 atsamunda anaciletsa, a Kaunda nkuwatumiza ku Kabompo, kenako ku ndende. Koma pa citsa cake panaphuka UNIP, ndipo dzina lakuti Zambia, limene linali la cipani coletsedwaco, linasanduka dzina la dziko lonse pa 24 October 1964. Liu lakuti Bwacha m'Cibemba ndi lija timati kwaca ife, ndipo kunacadi.

Tsopano tinyamuke ku Kabwe, tilunjike kumpoto, pakati pa Mpika ndi Chinsali m'cigawo ca Muchinga. Kumeneko kuli Shiwa Ng'andu, nyumba yaikulu yosanja ya mzungu wa munda, Sir Stewart Gore-Browne. Iye anaona nyanja ya Shiwa mu 1914, nagula malo, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha anabwerera mu 1920 kudzamanga. Popeza njanji inali kutali kwambiri, njerwa ndi matailosi a padenga zinaumbidwa ndi kuochedwa pomwepo, ndipo katundu wolemera anafika pa mitu ya anthu ndi pa ngolo za ng'ombe. Munda wake unali wa mandimu ndi zomera zina zofinyamo mafuta onunkhira ogulitsa kunja, kufikira matenda atapha mitengoyo m'zaka za m'ma 1950. Atakalamba anagwirizana ndi omenyera ufulu, nakhala bwenzi la a Kaunda, kotero kuti atamwalira mu 1967 Boma linamuika m'manda mwaulemu wa dziko.

Mwana wake wamkazi ndi mwamuna wake ataphedwa mu 1992, nyumbayo inasowa woisamala ndipo inayamba kuonongeka. Buku la Christina Lamb lochedwa The Africa House, limene linatuluka mu 1999, linacititsa anthu ambiri kumva za malowo. Ca m'nthawi yomweyo mdzukulu wa Gore-Browne ndi mkazi wake anabwera kudzakhalamo nayamba nchito yokonza. Anadzutsanso munda ndi ziweto, natsegula zipinda kuti alendo azigona ndi kulipira. Phunziro loyamba ndi limeneli. Nyumba yakale imapulumuka ngati muli anthu oyendamo tsiku ndi tsiku, amene amaona msanga pamene denga layamba kudontha kapena pamene ciswe cakwera khoma, ndiponso ngati ili ndi njira yopezera ndalama zogulira cotsekera pobookapo. Cikwangwani cokha ca Boma siciletsa mvula.

Phunziro laciwiri ndi lowawa pang'ono. Nyumba ya mwini munda ikakonzedwa, mlendo amaona mabuku, zithunzi ndi mipando ya bwana, koma saona manja amene anaponda dothi ndi kusenza njerwa. Gore-Browne anamangira anthu ake sukulu ndi cipatala, izi nzoona. Nzoonanso kuti anthu anamucha Chipembere, ndipo anali waukali ndi wosacedwa kukweza dzanja pa anchito ake. Mbiri yoona iyenera kunyamula zonse ziwiri. Funso limeneli labvutitsanso maiko a minda ya nzimbe, kumene nyumba zokongola za eni minda zinamangidwa ndi thukuta la akapolo. Ku Louisiana m'dziko la America, munda wakale wa nzimbe wochedwa Whitney unatsegulidwa mu 2014 monga malo osungirako mbiri, ndipo kumeneko mlendo amafotokozeredwa makamaka za akapolo, maina ao ndi tinyumba tao, osati ulemerero wa bwana.

Apa ndi pamene nyumba ya ku Bwacha ikulira msinkhu. Ilibe nsanja, ilibe nyanja, ilibe zipinda zogonetsa alendo a ndalama zakunja. Ndi nyumba wamba ya m'komboni, ndipo cuma cake ndi comweco. Imauza mwana wa lero kuti anthu amene anagwetsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland anakumana m'nyumba zopanikiza, akudziwa kuti apolisi ali pafupi, ndi kuti mwini nyumba wowalandira anali kuika ciswe nchito yake ndi mtendere wa banja lake. Ngozi za nyumba yotere ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuiiwala kufikira khoma litang'ambika. Yaciwiri ndi kuikonza mopitirira muyeso: kucotsa zitseko ndi mazenera akale, kuyala matailosi onyezimira pansi, mpaka mlendo aganize kuti makolo athu anali kukhala mwa mwanaalirenji. Kukonza kwabwino ndi kubwezera cinthu monga cinalili. Citsanzo tili naco ku Lusaka, kumene nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene a Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, inabwezeredwa m'maonekedwe a nthawi imeneyo, pamodzi ndi katundu wa m'nyumba ndi galimoto ya Land Rover imene anali kuyendera.

Nyumba za ku Bwacha ndi ku Chilenje zimatetezedwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1989. Koma bungwe limodzi silingakwanitse kulonda mathithi, mapanga, manda ndi nyumba za dziko lonse. Mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ya Kabwe, aphunzitsi, mipingo ndi anthu a ku Bwacha eni ake ayenera kutengapo mbali. Tsiku la 28 April, limene tsopano ndi chuthi cokumbukira kubadwa kwa a Kaunda, lingakhale tsiku loti ana a sukulu azipita kukaphunzira mbiri pakhomo pomwepo.

Cinthu cofulumira koposa njerwa ndi mboni. A Kapwepwe anamwalira mu 1980, a Nkumbula mu 1983, a Kamanga mu 1996, ndipo a Kaunda anatisiya pa 17 June 2021. Mnyamata kapena mtsikana amene anali ndi zaka 20 mu 1958, ngati akali moyo, lero akuyandikira zaka 90. Amai amene anaphikira misonkhano ija, anyamata a panjanji ndi a mu mgodi amene anapereka makalata mobisa, maina ao sali pa cikwangwani ciliconse. Khoma likagwa mmisiri amalimanganso, koma nkhalamba ikapita, madzi atayika, ndipo saoleka. Kujambula mau ao sikufuna ndalama zambiri: foni ya m'manja, kope ndi mwana wa sukulu waulemu ndi zokwanira.

Ena adzati Kabwe ali ndi mabvuto aakulu koposa awa: fumbi la mtovu limene likudwalitsa ana m'makomboni oyandikana ndi mgodi wakale, ndi kusowa kwa nchito. Mau amenewa ndi oona, ndipo sitikunena kuti ndalama za mankhwala zipite ku penti. Tikunena kuti kusamala nyumba imodzi yaing'ono nkochipa ngati kucitika pa nthawi yake, ndi kuti tauni imene mgodi unaisiya iyenera kugwiritsitsa cuma cimene sicitha ndi kukumba.

Inunso a kumidzi, nkhaniyi ndi yanu. Pafupi ndi kwanu pangakhale chalichi cakale ca amishoni, bwalo la milandu la mfumu, sitolo yakale kapena mtengo umene anthu anali kusonkhanapo pa nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961. Musanagumule khoma kuti mutenge njerwa, kambiranani ndi anyakwawa ndi mfumu, ndipo dziwitsani bungwe losunga mbiri. Ana anu akaweruka ku sukulu, atumeni kwa agogo ao ndi kope m'manja, akalembe maina ndi zaka pamene owauza akalipo.