Ngongole ya maphunziro ku England ikudalira chilolezo chokhalira m'dzikomo

LONDON – Kukhoza bwino mayeso ngakhalenso msonkho umene makolo amalipira sizokwanira kuti mwana wa mlendo apeze ngongole ya boma yolipirira yunivesite ku England. Chimene akuluakulu amayang'ana ndi mtundu wa chilolezo chokhalira m'dzikomo.

Kawirikawiri wophunzira amayenera kukhala ndi chilolezo chokhazikika, komanso akhale atatha zaka zitatu m'dzikomo movomerezeka. Othawa kwawo amene boma lawalandira sadikira zaka zitatuzo. Enawo amalipira ngati alendo, ndipo fizi yawo ilibe malire, pomwe ya nzika sinkapitirira mapaundi 9,535 m'chaka cha maphunziro cha 2025/26.

Mu 2015, bwalo la Supreme Court linagamula mokomera mtsikana wina wobadwira ku Zambia, yemwe anafika ku Britain mu 2001 ali ndi zaka 6 koma anamanidwa ngongoleyo. Potsatira chigamulocho, mu 2016 boma linatsegulira mwayi achinyamata amene akhala m'dzikomo theka la moyo wawo, kapena zaka 7 ngati sanakwanitse zaka 18.

Kusinthaku kunapindulira okulira ku Britain, osati ongofika kumene. Ana a anamwino ndi osamalira okalamba ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi amadikira mpaka atapeza chilolezo chokhazikika. Mu Meyi 2025, boma linapereka maganizo oti kwa ambiri nthawi yodikirayi ichoke pa zaka 5 kufika pa 10. Kwa mwana amene anafika ali ndi zaka 14, zaka 10 zingamudutsitse msinkhu umene anzake amalowera yunivesite.